Msambo ukaleka, khungu lisamaleni chonchi

Amayi anzanga a ku Mufakose, Mabvuku, Highfield ndi kwina konse muno mu Harare, mukafika zaka za pakati pa 45 ndi 55 n'kuona miyendo ikutuwa mbuu chonsecho mwadzola m'mawa, msana ukuyabwa usiku wonse, kachilonda kochepa kakutenga masabata kuti kapole kenako n'kusiya banga lakuda, musathamangire kunena kuti alipo wakuchitani chipongwe. Nthawi zambiri amakhala mahomoni. Ndinagwira unamwino m'makiliniki a m'malokesheni muno mpaka kupuma, inenso msambo unandileka kale, ndipo zimene ndalembazi ndi zomwe ndimauza amayi a chigwirizano Lachinayi tikatsala patokha, abusa atachoka.

Langizo langa lalikulu n'lakuti muchepetse nkhanza pa khungu. Kasambidwe kamene tinaphunzira kwa amayi athu, ka madzi otentha, sopo wambiri ndi kudzikwecha mpaka kufiira, kankayenera khungu la mtsikana. Lanuli lapyapyala, lauma, ndipo likavulala limachedwa kudzikonza.

Chimene chasintha m'kati

Homoni yotchedwa estrogen imapangidwa makamaka m'timatumba tiwiri ta mazira tomwe tili m'mbali mwa chiberekero. Timaidziwa pa nkhani za msambo ndi mimba, koma khungu nalo limaimvera. Pansi pa kachikopa kamene timadzolaka pali maselo oluka collagen ndi elastin, ulusi umene umalimbitsa khungu ndi kulibweza m'malo likakokedwa. Maselo omwewo amapanga hyaluronic acid, imene imasunga madzi. Estrogen ndiyo imawafulumiza, ndipo ikatsika ntchito yonse imazilala. Madokotala a khungu amati m'zaka 5 zoyambirira msambo utaleka, mayi amataya collagen pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse, kenako n'kumatayabe magawo 2 pa 100 chaka ndi chaka kwa zaka ngati 20. Amene amati anakalamba mwadzidzidzi sakukokomeza, kutsikako kumayambadi mwaphuma. Zili ngati matiresi amene siponji yake yaphwa: nsalu yapamwamba ndi yomwe ija, koma yakhwinyata chifukwa chimene chinkaikunga chatha mphamvu.

Tsinani khungu la kuseri kwa dzanja lanu, muligwire pang'ono, mulisiye. Muchite chimodzimodzi pa dzanja la mdzukulu. Lake libwerera nthawi yomweyo. Lanu liyamba laima kamzere, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono.

Mafuta amene khungu limatulutsa lokha nawo amachepa, ndipo kachikopa kapamwamba sikatsekanso madzi bwino. Kutuwa ndi kuyabwa kumachokera pamenepo. Ena amamva ngati nyerere zikuyenda m'mikono koma akayang'ana osaona kanthu. Si misala, ndi estrogen yomweyo. Palinso homoni ina yotchedwa testosterone, imene thupi la mkazi limapanga pang'ono. Iyo simagwa mwadzidzidzi ngati estrogen, ndiye mnzake akachepa imayamba kuonekera: timandevu pachibwano, ziphuphu m'nsagwada, tsitsi kupyapyala paliwombo.

Achipatala timati msambo waleka pakatha miyezi 12 osaona kanthu, koma khungu limayamba kusintha zaka zingapo m'mbuyo, msambo ukuyamba kudumphadumpha. Ife akhungu lakuda makwinya amatichedwera, chifukwa melanin, imene imapatsa khungu lathu mtundu wake, imatitchingirako dzuwa. Chimene chimatisautsa ndi kusintha kwa mtundu wa khungu. Paliponse pamene papsa, pakandika kapena patuluka chiphuphu pamasiya banga, ndipo pa msinkhu uno banga limakhala miyezi.

Yambirani kubafa

Madzi akhale ofunda chabe. Ndikudziwa kuti m'mawa wa mu Juni kapena Julayi, chisanu chitayera pa udzu, munthu umafuna ndowa yofuka nthunzi, koma madzi otentha amasungunula timafuta tochepa tomwe tatsala. Mphindi 5 kapena 10 zakwana, ndipo nyengo yozizira kamodzi patsiku si uve.

Sopo wobiriwira wa mtanda uja asiyireni zovala ndi mapoto. Anapangidwa kuti achotse mafuta, ndipo sasankha kuti awa ndi a m'poto, awa ndi a pathupi. Gulani sopo wosanunkhira kwambiri, ndipo mumupake m'malo otuluka fungo basi: m'khwapa, kunsi kwa mabere, m'mphechepeche ndi kumapazi. Mikono, msana ndi miyendo sizifuna sopo tsiku lililonse. Ngati kuyabwa kwakula, sambirani aqueous cream kapena emulsifying ointment m'malo mwa sopo. Zonsezi zimapezeka m'mafamase pamtengo wotsika. Sizichita thovu, komabe zimayeretsa. Aqueous cream muitsukuluze bwino, musaigoneke pathupi, chifukwa yambiri imakhala ndi sodium lauryl sulphate, yomwe imanyerenyetsa khungu louma ikakhalitsa.

Kasaka ka malalanje ndi chinkhupule chokhakhala zipume. Timizere totuwa tomwe timatuluka mukamadzikwecha, timene timati litsiro, tambiri mwa ito ndi khungu lenilenilo. Mwala ukhale wa chidendene chokha, nawonso kamodzi pa sabata. Amene mumasamba madzi a pamjigo mwina mwaona kuti m'madera ena sopo sachita thovu msanga. Musawonjeze sopo pofuna thovulo, ingotsukuluzani bwino. Ndipo chizolowezi chothira mankhwala ophera tizilombo m'madzi osamba, aja oyeretsa madzi mbee, chilekeni pokhapokha adokotala atanena. Amaumitsa khungu kwabasi.

Tsopano pofunika penipeni. Mukatuluka m'madzi musadzipukute mpaka kuuma gwa. Gunditsani thaulo mopepuka, khungu likhalebe lachinyezi, ndipo mudzole zisanathe mphindi 3. Thirani madontho angapo a glycerine pachikhatho, muwonjeze timadzi pang'ono, mupakane m'manja, mudzole misongolo, mikono ndi zigongono. Pamwamba pake pakani Vaseline pang'ono. Kutsogoza ichi n'kutsiriza icho kuli ndi chifukwa: glycerine imakoka madzi, Vaseline imatseka kuti asathawe. Vaseline wopaka pa khungu louma kale amangonyezimira, n'chifukwa chake pofika 10 koloko muli mu kombi miyendo yatuwanso. Glycerine payokha, mu mphepo youma ya mu Ogasiti, imangomata fumbi. Mafuta a malambe kapena a marula amene amagulitsidwa m'mabotolo ang'onoang'ono aja angalowe m'malo mwa Vaseline kwa amene akumuona kulemera kumaso.

Camphor cream ambiri tinakula naye. Ngati sakukuvutani, pitirizani kudzola miyendo. Koma kazizidwe kake kaja si kuchiritsa, ndipo pa khungu long'aluka kapena kumaso amatha kuwotcha. Pa misongolo yochita mamba ndi ming'alu ya m'chidendene, funsani ku famase kirimu wokhala ndi urea 10%. Pakani madzulo, Vaseline pamwamba, muvale sokosi za thonje pogona. Pochapa ndi sopo waufa valani magolovesi, chifukwa manja ndi amene amaulula zonse msanga.

Dzuwa la muno

Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumtunda dzuwa limaluma kwambiri ngakhale mphepo ikuzizira. Amayi ogulitsa ku Mbare Musika kapena m'mbali mwa msewu, ndi ife olima timinda tachimanga m'madambo a m'tauni, timalimva tsiku lonse. Dzuwa limadula collagen yomwe ikuchepa kaleyo, limadetsanso mabanga a m'masaya, pachipumi ndi pamwamba pa mlomo, amene madokotala amati melasma. Ngati mumamwa hydrochlorothiazide, timapiritsi ta BP timene m'makiliniki timangoti HCT, dziwani kuti timachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Musasiye kumwa, ingodzitchingani.

Chipewa cha mlomo waukulu ndi ambulera ndi zotchipa kuposa botolo lililonse, ndipo duku satchinga masaya. Amene mungakwanitse gulani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Muyezo wake ndi mizere iwiri, umodzi pa chala cholozera, wina pa chala chapakati, kuchokera patsinde mpaka kunsonga, ndipo imeneyo ikwanire nkhope, makutu ndi khosi. Dzolani m'mawa uliwonse, mudzolenso masana ngati muli panja kapena mwatuluka thukuta. Ena amasiya nkhope ili mbuu, ndiye sankhani a mtundu wofiirira okhala ndi iron oxide. Amenewa amatchinganso kuwala kumene kumadetsa melasma. Kutentha nako kumadetsa mabangawa, choncho magetsi akathima n'kumaphika pa nkhuni, musaweramitse nkhope pamoto nthawi yaitali.

Timachubu toyeretsa khungu

Apa ndilankhula mosabisa. Mabanga akayamba, mnzako amakunong'oneza kuti pali kachubu kamene kamachotsa m'masiku ochepa, kogulitsidwa m'misika ndi m'misewu ya m'tauni, nthawi zina kosakanizidwa kale m'kabotolo kopanda dzina. Tambiri mwa timeneti timakhala ndi clobetasol kapena betamethasone, mankhwala amphamvu a gulu la steroid oyenera kulembedwa ndi dokotala, a matenda enaake, kwa masiku owerengeka. Tina timakhala ndi hydroquinone, tina mercury. Bungwe loona za mankhwala la MCAZ lakhala likuchenjeza za zimenezi.

Steroid amaletsa maselo aja kuluka collagen. Ganizani tsono, estrogen yachepa, collagen ikutha payokha, inu n'kuwonjezera mankhwala opyapyalitsa khungu m'mawa ndi madzulo. Milungu yoyamba nkhope imawala, anthu n'kumayamikira kutchalitchi. Kenako timitsempha tofiira timaonekera m'masaya, ziphuphu zimabuka, ubweya umamera, m'khwapa ndi m'ntchafu mumang'ambika mizere yotakata yosabwerera. Ndinkathandiza mayi wina amene khungu la pamkono linasupuka pomatula pulasitala yokha. Nkhope inali yoyera, mfundo za zala zili bii, chizindikiro chimene namwino aliyense amachidziwa asanafunse funso.

Hydroquinone akadzoledwa zaka amabweretsa kuda kwina kobiriwira m'masaya, kokhala ndi timadontho tothinana, kotchedwa ochronosis. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975 ataliona mwa amayi akuda odzola mafuta oyeretsa, ndipo mpaka lero ndi lovuta kwambiri kuchiza. Mercury amawononga impso. Ngati mwakhala mukudzola timachubu ta steroid tija miyezi yambiri, musasiye lero lomwe mwadzidzidzi, chifukwa nkhope imatupa ndi kuwotcha, ndipo ambiri amabwerera ku kachubu pa chifukwa chimenecho. Tengani kachubuko mupite nako kwa dokotala akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono.

Zilipo zodzola zomwe zimathandizadi, kungoti sizithamanga. Pa collagen, gulu la vitamini A ndi limene lili ndi umboni wokwanira: tretinoin, wolembedwa ndi dokotala, ndi retinol wofatsirapo wa m'mashopu. Adapalene ndi wa gulu lomweli, amathandiza kwambiri ziphuphu. Dzolani usiku wokha, kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pa nkhope yonse youma, kawiri pa sabata poyamba, mafuta wamba pamwamba. Mukaona kusuwa kapena kuwotcha, talikitsani masiku, chifukwa pa khungu lathu kupsa kulikonse kumabala banga latsopano. Pa mabanga, niacinamide ndi azelaic acid ndi ofatsa. Musayembekeze kuona kanthu isanathe miyezi 3, ndipo popanda kudzitchinga ku dzuwa mukungotaya ndalama. Chenjezo limodzi: tretinoin, retinol ndi adapalene sayenera mayi woyembekezera, ndipo msambo ukamadumphadumpha mimba imathekabe. Kulera kumapitirira mpaka chaka chimodzi msambo utaleka ngati mwapyola zaka 50, zaka 2 ngati simunafike. Ana a kuukalamba amene timawadziwa aja ambiri anabwera nthawi imeneyi.

Timandevu tikakhala tiwiri titatu, dulani ndi kasizasi kapena zulani mosamala. Kumeta sikuchulukitsa ndevu, koma lezala pa tsitsi lathu lopotana limabweretsa timatuza tosiya mabanga. Ndevu zikamera zambiri m'miyezi yochepa, mawu n'kuyamba kukula, kayezetseni. Kumutu, malukidwe okoka ndi mankhwala owongola tsitsi achepe, dukunso asamangidwe mothina pamalo amodzimodzi. Mukaona mzere wa tsitsi ukubwerera m'mbuyo, nsidze zikutha, kapena paliwombo pakuwawa n'kuyamba kusalala, musadikire. Dazi lina limasiya chipsera ndipo tsitsi silimeranso. Timanjerewere takuda ta m'masaya ndi m'khosi tija n'takumtundu, si matenda, ndipo musatimange ndi ulusi kapena kutiwotcha kunyumba.

Za chakudya sindichulukitsa. Thupi limaluka collagen kuchokera ku zakudya zomanga thupi mothandizidwa ndi vitamini C. Kapenta wa ku Kariba, mazira, nyemba, soya, ndiwo zotendera nsinjiro, malambe, magwafa ndi malalanje zikukwana, ndipo kapenta wodyera minga yomwe amalimbitsanso mafupa, amene nawo estrogen yawasiya. Ufa wa collagen wa m'zitini zodula uja ukafika m'mimba umagayidwa mofanana ndi nyama ina iliyonse, ndipo ine ndalama yanga ndingagulire mazira. Fodya wosuta amakalambitsa khungu msanga, amafulumizanso kuleka kwa msambo.

Kutentha thupi, thukuta ndi mankhwala a mahomoni

Kutentha kobwera mwadzidzidzi kuja, koyambira pachifuwa n'kukwera kumaso, kumakhalitsa kuposa mmene tinkauzidwira. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SWAN anapeza mu 2015 kuti mwa amayi amene kumawavuta kawirikawiri kumatha zaka zoposa 7, ndipo mwa amayi akuda zaka pafupifupi 10. Mu Okutobala, pansi pa malata kapena asibesitosi, thukuta limaunjikana kunsi kwa mabere ndi m'mapindi a mimba, khungu n'kufiira, kunyowa ndi kununkha. Malo amenewo okha ndiwo osapaka Vaseline. Aumitseni bwino, valani za thonje, bra wonyowa musinthe, ndipo pakayabwa n'kuchita timadontho m'mphepete funsani clotrimazole ku famase. Tulo tikamasokonekera usiku ndi usiku, homoni ya nkhawa yotchedwa cortisol imakwera, nayonso si bwenzi la collagen.

Khungu la kumalo obisika limadalira estrogen kuposa lina lonse. Limauma, limapyapyala, kukhala malo amodzi ndi abambo kumayamba kuwawa, mkodzo kumawotcha. Sambitsani ndi madzi okha, kunja kokha. Zitsamba ndi timiyala toumitsa zimene ena amaika zimang'amba khungu lotere. Kuli mafuta ofewetsa ogula popanda kalata, kulinso kirimu wa estrogen woika pamalopo, amene amalowa m'magazi pang'ono kwambiri ndipo amathandiza zedi. Mukaona zigamba zoyera zoyabwa kwambiri, kaonetseni, chifukwa alipo matenda otchedwa lichen sclerosus amene amakonda msinkhu uno ndipo ali ndi mankhwala ake.

Funso limene limabwera nthawi zonse n'lakuti, bwanji osangobwezera estrogen yo? Mankhwala ake alipo, amatchedwa HRT, a mapiritsi, zigamba zomata ndi jelo wopaka. Amachotsa kutentha thupi kuposa china chilichonse, amateteza mafupa, ndipo khungu limapindulako: limakhuthalako n'kusunga madzi. Koma dokotala wabwino sangakulembereni chifukwa cha makwinya okha. Mu 2002 kafukufuku wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative anaimitsa gawo lake limodzi ataona khansa ya m'mabere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi zikukwerako, ndipo amayi ambiri padziko anasiya mankhwalawa ndi mantha. Amayi a m'kafukufukuyo, kuwatenga onse pamodzi, anali a zaka ngati 63, ambiri atasiya msambo kalekale. Lero madokotala amati kwa mayi wosafika zaka 60, kapena amene sipanathe zaka 10 chilekereni msambo, ubwino nthawi zambiri umaposa chiopsezo ngati zizindikiro zikumusautsa. Amene chiberekero chilipo ayenera kulandiranso homoni ina yotchedwa progestogen, apo ayi estrogen payokha ingayambitse khansa ya m'chiberekero. Zigamba ndi jelo siziundanitsa magazi ngati mapiritsi. Amene munadwalapo khansa ya m'mabere, sitiroko, matenda a chiwindi kapena kuundana kwa magazi m'mwendo, muuzeni dokotala poyambirira. Ndipo mapiritsi amene mwana wanu wa ku London kapena ku Johannesburg watumiza chifukwa anathandiza apongozi ake, musamwe musanapimidwe.

Zosayenera kudikira nazo

Si kuyabwa konse kumene kuli kwa mahomoni. Mukasintha kasambidwe ndi kadzoledwe kwa mwezi wathunthu koma osaona kusintha, kapena kuyabwa kukubwera ndi ludzu, kuonda, kutopa kapena maso achikasu, pitani ku polyclinic yakwanu akayeze shuga ndi magazi, ndipo ngati pafunika akutumizani ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe kukaona impso, chiwindi ndi chithokomiro. Matenda a chithokomiro amaumitsa khungu ndi kuthothola tsitsi mofanana kwambiri ndi kuleka kwa msambo. Magazi otuluka kumusi patatha chaka msambo utaleka, ngakhale kadontho, ndi nkhani ya sabata yomweyo. Chimodzimodzi chilonda chosapola pakatha milungu 4.

Kamodzi pa mwezi yang'anani kuphazi, pakati pa zala, m'zikhatho ndi m'zikhadabo, poti khansa ya khungu yoopsa kwambiri, melanoma, mwa anthu akuda imakonda kubisala kumeneko. Bob Marley, amene anaimba mu Rufaro Stadium ku Mbare pa chikondwerero cha ufulu mu Epulo 1980, anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 ndi melanoma yomwe inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi. Banga latsopano lakuda kuphazi, lokula kapena losalingana m'mphepete, kapena mzere wakuda wa m'chikhadabo umene ukutakata, musaukweche ndi mwala, kauonetseni.

Popita kuchipatala ikani m'thumba zonse zimene mumadzola, ndi kachubu kobisa kaja komwe, pamodzi ndi mapiritsi anu a BP, shuga kapena ma ARV. Lembani pa kapepala mwezi ndi chaka chimene munaona msambo komaliza, ndipo tsiku limenelo musapake ufa kapena mafuta pamalo pamene mukufuna kuti adokotala aone.